Mapazi pa Polishi Wofiira

Pa zaka zonse zimene Sajeni anagwira ntchito yaupolisi, anali asanaitanidwepo kuti akaone chidole chovulidwa. Koma n'zimene anapeza Lachiwiri m'mawa m'nyumba yaikulu ija ya kumtunda kwa msewu, imene kale munkakhala banja lina la atsamunda, ndipo tsopano anthu amalowamo kukaona mipando, mbale ndi mabedi awo. Chidolecho, chachitali ngati munthu, chinaima pafupi ndi kabati ya mbale m'chipinda chodyera, thalauza yoyera chili nayo, koma kumtundaku kuli pamtunda. Jekete yoyera ya wantchito woperekera zakudya patebulo, imene chinkavala chitsegulireni malowa, inali itasowa.

A Manijala, bambo wachinyamata wamapepala ambiri ndi tayi yothina, anali atauweruza kale mlanduwo asanaimbe n'komwe foni kupolisi. Kwa Sajeni ankangofunako chidindo. Anafotokoza mothamanga kuti Lolemba malowa satsegula, ndipo pabwalo pamakhala anthu awiri okha, mlonda kugeti ndi mayi wosesa m'kati. Anati alipo anthu ogula zinthu zakale amene jekete yotere angaithamangire. Akuluakulu a komiti yoyang'anira malowa abwera folo koloko madzulo, ndipo jeketeyo ikapanda kupezeka, mayiyo ntchito yatha, atulukenso m'kachipinda ka kuseri kamene amakhalamo ndi adzukulu ake awiri.

Sajeni anali munthu wathupi, wosafulumira. Anzake ankamuseka kuti iye akamafika pamalo a mlandu, wakuba amakhala atakwatira n'kubereka kale. Sizinkamupweteka. Anayang'ana masipuni asiliva m'kabati, wotchi yaikulu pakhoma, mfuti yakale pamwamba pa chitseko, n'kudzifunsa kuti ndi mbala yanji imene ingadutse zonsezi kukavula chidole. Kenako anagwada pakhomo lochokera kukhitchini, mawondo akulira, n'kuyang'ana pansi mopendeka.

Lolemba lililonse mayi wosesa ankapaka polishi wofiira n'kusiya zitseko zotsegula kuti aume, ndipo ankadzapukuta Lachiwiri m'mamawa. Tsikuli anangopukutako kadera kakang'ono pakhomopo, a Manijala n'kumuletsa ataona chidolecho. Kwina konseko polishi anali akadali wosawala, ndipo pamwamba pake panali mapazi a munthu wosavala nsapato.

"Mwaonatu," anatero a Manijala. "Wakuba wanji amavula nsapato? Ameneyu ndi munthu amene sanafune kuwononga polishi wake yemwe."

Sajeni anayang'anitsitsa phazi limodzi. Phazilo linali lalikulu, lotambalala, pafupifupi ngati jombo yake, ndipo mwini wake ankaponda pafupipafupi mokhwekhwereza. Koma chimene chinamuimitsa mutu chinali china. Tebulo lalikulu linali litakankhidwira kuwindo kuti alendo azidutsa bwino, moti kuchokera pakhomo kukafika pachidole panali njira yowongoka yopanda chopinga. Mapaziwo sanadutse pamenepo. Anatsata khoma, n'kukhota bwinobwino mozungulira pakati pa chipinda, ndipo pobwerera anazunguliranso momwemo. Munthuyu ankalambalala chinthu, pamene pamalopo panalibe ngakhale mpando.

* * *

Mlonda anaima njo, manja m'mbali, ngati ali pa perete. Analumbira kuti pageti pake sipanadutse ngakhale nkhuku, bwana, kuyambira sikisi mpaka sikisi, bwana. Atafunsidwa za kuseri, mawu anatsika pang'ono. Kunali kageti kakang'ono kuseri kwa thanki ya madzi, komangidwa ndi waya, kotulukira m'kanjira ka kumakomo a anthu. Ameneko, bwana, sikanali m'dera lake, bwana. Sajeni anaona kawailesi pansi pa mpando ndi katoni yoyala pamthunzi, ndipo anadziwa mmene mlondayo amalondera masana a Lolemba.

"Koma chimodzi ndinene, bwana, poti ine sindibisa," anatero mlondayo, pofuna kuti nayenso aoneke kuti maso ali nawo. "Zaka naini mayi aja amayambira kupukuta kuwindo, n'kumabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Aliyense wodziwa polishi amatero, kuopa kuponda ntchito yake. Lero ndadutsa pawindo ndawaona ayambira pakhomo, akupukuta ngati akuwathamangitsa."

Sajeni analemba zimenezo m'kabuku kake. Mtima wake unalemera, chifukwa anali atayamba kale kufuna kuti mayiyo akhale wosalakwa.

* * *

Kachipinda ka mayi wosesa kanali kamodzi mwa tizipinda tinayi tomwe kale munkagona antchito a m'nyumbamo. Titatu tinali titasanduka mosungira makasu ndi mipando yothyoka. Sajeni anamupeza akulongedza. Mapoto anali kale m'thumba, mayunifolomu a sukulu a adzukulu atapindidwa pamphasa. Anali mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu, woonda, wa manja ofiira ndi polishi mpaka m'zikhadabo.

Mayankho ake anali aafupi ngati akuwagula. Anamaliza kupaka cha m'ma teni. Anapita kumsika podzera kageti ka kuseri. Chitseko cha kukhitchini anachisiya chotsegula monga mwa masiku onse. Anabwerako dzuwa lili paliwombo. Sanaone munthu. M'chipinda chodyera sanalowemonso mpaka m'mawa uno.

"Ndiye m'mawa uno munaona chiyani, mayi, kuti muyambire pakhomo?"

Mayiyo anapitiriza kupinda bulangete.

Sajeni anayang'ana mapazi ake. Anali ang'onoang'ono, oti awiri akanakwana m'phazi limodzi la pa polishi paja. Anamuuza zimenezo mofatsa, kuti mapazi aja si ake, kuti iye Sajeni akhoza kukanena zimenezi kwa a Manijala pompano ndipo mapotowo abwerera pamalo pake. Chimene ankafuna n'chakuti angomuuza kuti ankafufuta mapazi a ndani. Ankayembekeza kuti mayiyo apumira m'mwamba. M'malo mwake anaika bulangete pansi n'kumuyang'ana m'maso koyamba.

"Lembani kuti ndine, bambo. Ndinatenga, ndinagulitsa, wogulayo sindikumudziwa. Lembani zimenezo muzipita."

"Ana awiriwa mukagona nawo kuti?"

"Zimenezo n'zanga."

Sajeni anatseka kabuku osalembamo kanthu. Anali ataonapo anthu ambiri akukana milandu yawo, koma wolimbirana mlandu wa mwini anali wosowa, ndipo nthawi zonse pankakhala khoswe wokhala pamkhate.

Pobwerera anadzera m'khonde la m'kati mwa nyumba yaikulu, mmene munapachikidwa zithunzi za banjalo. Bwana ali pahatchi, Dona ali m'maluwa, ana atakwera kanjinga. Pa chithunzi chachinayi Sajeni anaima. Banja lonse linali pachakudya m'chipinda chodyera chomwechija, ndipo tebulo linali pakati penipeni. Kumapeto kwa chithunzicho, pamene wojambula anadulira, kunkaoneka mkono umodzi wa jekete yoyera utanyamula mbale. Nkhope kunalibe.

Anapita kukaimanso pakhomo la chipinda chodyera, akuyang'ana mapazi aja. Ankazungulira tebulo ndithu, pamalo pamene linali zaka makumi anayi zapitazo.

* * *

Potulukira kageti ka kuseri, pansi pa mtengo, pankakhala wosoka nsapato, munthu woti pakamwa pake sipapuma ngati makina a chigayo. Sajeni asanafunse n'komwe, anali atauzidwa kale kuti jombo yake yakumanzere ikudyeka chidendene chifukwa amayenda mopendama, ndiponso kuti apolisi a masiku ano sadziwa kusamala chikopa.

"Ine nkhope za anthu musandifunse, achimwene, sindiziona. Mutu wanga umakhala pansi tsiku lonse. Koma nsapato za dera lino ndimazidziwa ngati ana anga. Dzulo? Dzulo padutsa masilipasi a mayi wosesa kupita kumsika. Padutsa magambutsi a wokonza mipopi. Padutsa zagogoda za aphunzitsi aja, zomwe ndawauza kawiri kuti zikufuna misomali. Basi. Aa, ndi a Kolala, koma amenewo sitiwawerengera, amadutsa tsiku lililonse."

A Kolala anali mkulu wina wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wokhala kumunsi kwa kanjirako. Dzinalo anawapatsa chifukwa ngakhale malaya awo atang'ambike bwanji, kolala imakhala yoyera, yowuma ngati katoni. Maso awo anachita ng'ala, moti ankayenda ndi ndodo, koma dera lonse linali m'mutu mwawo. Ankakonda kukhala pabenchi ya wosoka nsapatoyo kumvera nkhani za anthu. Ankati kale anagwirapo ntchito kwa azungu, koma sankanena kuti kuti.

Wosoka nsapato uja anaima kaye kusoka, zingano ili m'mwamba.

"Komatu dzulo anandidabwitsa. Popita kumtunda nsapato zili bwinobwino. Pobwera, zingwe zosamanga, zikukhwekhwereka m'fumbi. Zaka zonsezi sindinaonepo madala amenewa ndi chingwe chomasuka. Ndinawaitana, sanaime."

Sajeni anafunsa ngati masiku apitawa panachitika china chowakhumudwitsa. Wosokayo anakanda mutu. Loweruka, anati, kunabwera mlendo wina wochokera kukaona nyumbayo, kudzapolishitsa nsapato. Ankaseka kuti jekete ya pa chidole ija yachita chikasu ngati mano a wosuta fodya, kuti kaya antchito a kale aja ankasamba n'komwe. Anthu anaseka. A Kolala sanaseke, anadzuka n'kumapita osatsanzika.

"Koma achimwene, musawaganizire zoipa. Munthu angakabe kumene mwana wake amagwira ntchito?"

"Mwana wake ndani?"

"Mayi wosesa aja. Simukudziwa? Ndi mwana wawo woyamba."

* * *

Nyumba ya a Kolala inali ya chipinda chimodzi, yosesedwa mpaka kuseri. Pachingwe choyanikira zovala panalibe kanthu. Pakhonde panali simbi yamakala yozizira, makala ali momwemo osayatsa, ndipo mkuluyo anakhala pampando pambali pake, beseni lovundikira ndi thaulo lili pamapazi awo. Atamva jombo anadzuka n'kuima mowongoka, ngati munthu amene wakhala akudikira kuyambira dzulo.

Sajeni anapereka moni, anadzitchula, n'kupempha kuti akhale pansi. Sanafunikire kufunsa zambiri. A Kolala anafotokoza okha, mwadongosolo, ndi mawu otsika a munthu amene anazolowera kuyankhula anthu akudya. Anagwira ntchito m'nyumba ija zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Majekete anali nawo awiri, ndipo palibe tsiku limene mlendo anaonapo kadontho pa kolala yawo. Tsiku limene Dona womaliza ankachoka anawauza kuti atenge jekete ikhale yawo. Imodzi anatenga, inatha kalekale. Inayo anaisiya pamsomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, poganiza kuti eni nyumba akadzabwerera adzawapeze ali okonzeka. Sanabwerere, ndipo nyumba inakhala yokhoma zaka zambiri.

"Ndinkamva kuti anaiveka chidole. Sindinadandaule. Koma kuti anthu aziseka kuti inali ya munthu wauve, zimenezo zinandilanda tulo. Ndinati ndikaitenge Lolemba poti satsegula, ndiichape, ndiithire sitachi, ndiisite, pofika Lachiwiri ikhale yabwerera. Sindinafune kuvutitsa munthu."

"Nanga bwanji simunaibweze, bambo?"

Mkuluyo anawerama, napapasa thaulo lija n'kulichotsa. M'besenimo munalibe jekete. Munali tizidutswa ta nsalu tonyowa, tonyenyeka ngati pepala, mabatani asanu pansi, ndi kolala yokha imene inatsala yathunthu. Nsalu ya zaka zonsezo itangomva madzi ndi sopo inawasungunukira m'manja.

"Ine amene sindinawonongepo ngakhale kansalu kopukutira pakamwa," anatero a Kolala. "Ndakhala pano usiku ndi usana kusowa poyambira. Manyazi, mwana wanga. Manyazi okhaokha."

Sajeni anawamvera chisoni kwambiri, ndipo zimene anayenera kunena zinamuvuta kutulutsa. Koma wotchi inali itadutsa thili koloko. Anawauza kuti mwana wawo wavomera mlanduwo, kuti walongedza kale mapoto, ndipo ikakwana folo akhala alibe ntchito ndi pogona.

A Kolala anavundikiranso beseni lija. Kenako anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, chimodzichimodzi.

"Mundinyamulireko beseni," anatero.

* * *

Pakhomo la kukhitchini mkuluyo anavula nsapato n'kuziika pambali moyandikana. A Manijala ataona zomwe zinali m'beseni anagwira mutu ndi manja onse awiri. Anayamba kunena za malamulo osamalira zinthu zakale, kuti nsalu yotere siikhudzidwa ngakhale ndi dzanja, koma Sajeni anawapempha kuti akatenge fayilo imene analembamo maonekedwe a jeketeyo. Mayi wosesa anali ataitanidwa, ndipo anaima pakona ya chipinda chodyera, maso ali pansi.

Fayilo itabwera, Sajeni anaphimba beseni n'kufunsa a Kolala ngati jekete yawo inali ndi chizindikiro. Anayankha mosaganiza n'komwe kuti m'kati mwa kolala, kumanzere, muli timitanda tiwiri ta ulusi wobiriwira. Anasokamo ndi malemu akazi awo, kuti wochapa asamaisokoneze ndi ya khukhi. A Manijala anatsitsa chala pa pepala lawo, ndipo chinaima. Anatembenuza kolala ija m'beseni, anayang'ana, n'kukhala pampando umene alendo saloledwa kukhalapo.

Sajeni ananena maganizo ake mosapita m'mbali. Munthu saba jekete yake. Kuwonongeka kunalipo, kulowa mosapempha kunalipo, koma iye sankaona woti n'kumumanga unyolo. A Manijala anagwedeza mutu, koma panali chimene chinkawavutabe. Komiti idzafunsa chifukwa chimene wantchito wawo anafufutira mapazi n'kunama kwa wapolisi. Munthu wonama chonchi angamusiyirenso makiyi?

"Mayi, mkuluyu ndi ndani wanu?" anafunsa a Manijala.

Mayiyo anayang'ana kwa mkuluyo. A Kolala panthawiyi anali atayenda kale motsata khoma mpaka pachidole chija. Anachipapasa mapewa, ndipo dzanja lawo linagunda kapepala kolimba komatidwa pa kathabwa pambali pake.

"Apa pali kapepala. Analembapo chiyani? Ine maso anatha."

Sajeni anali asanakawerenge. Anakayang'ana tsopano, ndipo anayang'ana kumbali. A Manijala anakonza tayi. Amene anayankha anali mayi wosesa, osasuntha pamene anaima.

"Analemba kuti jekete ya wantchito wa patebulo, dzina lake silikudziwika." Anadzutsa maso kuyang'ana a Manijala. "Ndi bambo anga, abwana. Ine ndinabadwira m'kachipinda komwe ndimagonamo. Kapepalako ndakhala ndikukapukuta fumbi zaka zisanu ndi zinayi, ndikudziwa mwini jekete. Ndinkamva alendo akuseka kuti anthu ankadzipachika tayi kuti aperekere mzungu supu, ndipo ndinkachita manyazi kunena kuti ndi bambo anga. Dzulo lomwe ndikanatha kunena. M'mawa uno nditaona mapazi ndinawadziwa, ndipo ndinati bola ndichoke kusiyana n'kuti awamange, komanso bola ndichoke kusiyana n'kuti ndinene. Zonse ziwiri zinali mumtima mwanga."

A Kolala sanachotse dzanja pa kapepalako.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero.

"Eya, bambo."

Mkuluyo anatembenukira kumene kunkamveka mpweya wa a Manijala, n'kuima mowongoka monga ankaimira kale.

"Bwana, wolakwa ndine. Mwanayu musamuchotse, ali ndi ana. Ntchito amaitha, ndayenda m'nyumba muno ndamva ndekha. Ngati pali chilango mundipatse ine."

Panja panamveka galimoto ya akomiti ikulowa pageti. A Manijala anadzuka, anatenga fayilo yawo, ndipo anaima pakhomo kanthawi asanatuluke. Anauza mayiyo, osamuyang'ana, kuti mapoto akawabwezere pamalo pake, ndipo mawa atsegule nthawi yake. Zakomitizo athana nazo okha.

Mayiyo anathamangira kukatenga nsapato za bambo ake. Anagwada kuti awaveke, koma mkuluyo anazilandira n'kuvala yekha, n'kumanga zingwe yekha.

"Bambo, dikirani ndikuperekezeni."

"Khala, mwana wanga. Njira ndikuidziwa."

Sananene mokalipa, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri Sajeni. Sajeniyo anatola ndodo n'kuwapatsa, ndipo mkuluyo anatsika masitepe pang'onopang'ono kulowera kukageti ka kuseri. Mayiyo anatsala ndi ntchito yake ndi kachipinda kake, atagwada pakhomo pomwepo, akuyang'ana msana wa bambo ake mpaka anakhota kuseri kwa thanki.